Nkhope ya Atate Yatsala m'Kalilole Mokha

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka za m'ma 40. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina kuno ku Chipata ndipo ndimakhala ku Kapata pamodzi ndi amayi anga okalamba. Nkhani yangayi ena akaimva angaseke kuti ndi ya chithunzi chabe, koma ine yandisowetsa mtendere, ndipo yatsala pang'ono kundidanitsa ndi mlongo wanga mmodzi yekhayo.

Atate anga, a Boaz, anali mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ku Kasenengwa. Anamwalira mu 1994 ine ndili giredi naini, mlongo wanga Harrison asanayambe n'komwe sukulu. Nthawi imeneyo sitinathe kuwamangira chiliza. Chaka chino tinagwirizana kuti tiwamangire, ndipo Harrison, amene tsopano amagwira ntchito ku Lusaka, anati pamwalapo pakhale nkhope yawo monga achitira anthu masiku ano. Tonse tinavomera ndi manja awiri. Apa m'pamene tinazindikira kuti chithunzi cha atate tilibe.

Chopweteka n'chakuti atate ndiwo anali wojambula wa dera lonselo. Maukwati, ubatizo, timu ya mpira ya sukulu, aphunzitsi anzawo atandanda kutsogolo kwa ofesi, zonsezi ankajambula ndi iwo. Mu alubamu yathu muli khamu la anthu, ena sitikuwadziwa n'komwe, koma mwini kamera mulibe. Amayi akati bweretsani tikujambuleni inunso, iwo ankakana. "Filimu ndi yodula," ankatero. "Nkhope yanga mukuiona tsiku lililonse, mukufuna ina ya chiyani?" Chithunzi cha ukwati wawo chinadyedwa ndi chiswe chaka chimene tinasamuka m'nyumba ya sukulu, ndipo reji yawo, chitupa cha boma chokhala ndi chithunzi chija, inapita ndi mapepala a penshoni, sinabwerenso.

Kamerayo anaigula kwa mzungu wina amene ankaphunzitsa naye, pamene mzunguyo ankabwerera kwawo. Inabwera ndi malenzi awiri komanso kachikwama kachikopa momwe munali timagalasi titatu tozungulira, tolembedwa m'mbali +1, +2 ndi +4. Timagalasi timeneti umatimanga kutsogolo kwa lenzi mozunguliza ngati chitsekerero cha botolo, ndipo kamera imayamba kuona tinthu tating'ono pafupi kwambiri. Atate ankati ndi mandala a kamera. "Kamera ili ngati abusa athu okalamba aja," ankatero. "Munthu akubwera kumsewu uko amuzindikira, koma apatseni Baibulo, mpaka afunefune mandala."

Za maukwatizo ankangochita kuti apeze yogulira filimu. Mtima wawo unali pa tizilombo. Loweruka m'mawa, mame asanaume, tinkalowa m'munda wa sukulu. Iwo ankagwada m'mizere ya thonje atavala thalauza yawo yakale ya khaki, ine nditagwira chikatoni chotchingira mphepo kuti tsamba lisagwedezeke. Kachilombo kakachepa kwambiri ankasanjikiza mandala awiri, n'kumasendera pang'onopang'ono ngati mphaka wofuna njiwa. "Usapume, mama," ankanong'ona. Ine ndinkagwiradi mpweya mpaka m'maso kuchita mdima, kudikira kuti kamera ilire kuti tcha! Pobwerera kunyumba mawondo awo anali matope okhaokha, ndipo ankandipatsa galasi la +4 kuti ndizionera mizere ya chala changa, kapena ndevu za chimanga, kapena mchere wa m'mbale. Mpaka lero ndikaona mame pa tsamba la thonje ndimapezeka ndasiya kupuma.

Filimu inkapita ku situdiyo m'tauni kumapeto kwa mwezi, ndipo zithunzi zikabwera ankazikhoma pakhoma la kalasi. Nsabwe za m'masamba zinkaoneka ngati mbuzi zili pa msipu. Makolo ankabwera kudzasuzumira pawindo. Mayi wina ataona nkhope ya chiwala, maso aja ndi zibwano zake, analumbira kuti sadzadyanso ziwala, ngakhale ndinamva kuti lumbirolo silinakhalitse.

Chaka china anapalasa njinga mpaka ku Mtenguleni kukaonera mwambo wa Ncwala. Tonse tinkayembekeza kuona amuna akuvina atanyamula zishango ndi zibonga. Filimu itatsukidwa tinapeza mikanda ya m'khosi mwa gogo wina, mkanda uliwonse waukulu ngati dzira, ndi nyerere ikuyenda pa ubweya wa chishango. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. "Anzanu apita kukaona mafumu, inu mwakaona nyerere!" Atate anangoti, "Mafumu aliyense wawaona."

Amenewo ndiwo anali atate anga. Anadwala miyezi yochepa chabe, kenako nyumba inangoti zii.

M'mwezi wa Julaye, nditafunsa kwa achibale onse osapeza kanthu, ndinakhalanso pansi ndi alubamu ija. Muli chithunzi cha amayi ali pa makina osokera, tsitsi lawo likadali lakuda bii. Ndachiona kambirimbiri kuyambira ndili mwana, koma maso anga ankathera pa amayi. Tsiku limenelo ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Pali wadiropu, pa wadiropupo pali kalilole, ndipo m'kalilolemo muli atate. Kamera aiimika pa miyendo yake itatu, iwo aima pambali atagwira kachingwe kodinira, avala malaya oyera. Mutu wawo wonse ndi waung'ono ngati njere ya nsawa. Aphungu, ndinalira ngati maliro achitika dzulo.

Kachikwama ka mandala kaja ndinakasunga, pamodzi ndi lenzi imodzi. Kamera yawoyo inafa kalekale. Ine ndili ndi kamera yanga ya masiku ano imene ndinagula kwa mnzanga, yojambulira zochitika za kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo mwamwayi mandala a atate analowa bwinobwino pa lenzi yake. Fungo la kachikwamako lokha linandibwezera m'munda wa thonje. Ndinati basi, mandala awo omwewa ndiwo awatulutse m'kalilolemo.

Ndinayamba ndi +1, nkhope inali ikadali kadontho. Ndinawonjezera +2, kenako +4. Nditaona kuti sizikukwana ndinaitanitsa a +10 kuchokera ku Lusaka n'kuwasanjikiza pamwamba pa onsewo. Kenako ndinakumbukira zimene atate ankachita akafuna diso la ntchentche. Ankatenga lenzi yachiwiri, kuitembenuza kuti kutsogolo kuyang'ane kumbuyo, n'kuigunditsa pa inzake. Nanenso ndinatero, ndinamata ndi tepi yakuda ya magetsi. Ndajambula patebulo, pakhonde, padzuwa, ndi fulashi, popanda fulashi. Chimene ndikupeza ndi munthu wa m'chifunga. Chipumi chikuoneka, kolala yoyera ikuoneka, ndipo pa nsidze pali kamdima kamene ine ndikudziwa kuti ndi chipsera chawo cha ngozi ya njinga. Koma m'mbali mukutuluka mitundu yofiirira ndi yobiriwira imene pa chithunzipo palibe, ndipo pepalalo likuoneka timaenje ngati chisa cha njuchi. Ndikawonjezera galasi nkhope imakula, koma maso amasungunuka. Manegetivu a atate, timizere ta filimu yotsukidwa tija, ndinawaona komaliza ali m'chitini cha mabisiketi chimene chinapita ndi mabuku awo kwa azakhali a Leticia kumudzi ku Kasenengwa, koma poti masitudiyo otsuka filimu anatha, sindinavutike nawo.

Chimene chinaoneka bwinoko ndinachitumiza pa gulu la banja lathu pa WhatsApp, ndikupepesa kuti ndi pamene nzeru zanga zathera. Tiyi wanga asanazizire, Harrison anabweza chithunzi china. Anali atalowetsa changacho mu pulogalamu ya pafoni yokonza nkhope. Aphungu, munthu wake ndi wokongola. Khungu losalala, mphuno yosongoka, mano ondanda bwino, ngati wowerenga nkhani pa TV. Malaya ndi a atate, chipumi n'cha atate. Koma chipsera palibe, mpata wa pakati pa mano palibe, ndipo maso ndi a munthu amene sindinakumanepo naye. Achibale anayamba kulemba kuti, "Eee, aphunzitsi enieni!" Ena mwa olembawo anabadwa atate atamwalira kale.

Kumapeto kwa mwezi Harrison anabwera nacho atachikulitsa, chili mu fulemu yonyezimira. Ndisanapeze mpata womukokera pambali anali atachiika kale m'manja mwa amayi. Amayi ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, munthu amamuzindikira ndi mawu. Anachiyandikiza kumaso, anasisita galasilo ndi chala nthawi yaitali, kenako anati, "Boaz wanga." Ine chibadwire sindinawamvepo akutchula atate dzina. Ankangoti "aphunzitsi". Tsopano fulemuyo ili pa kampando pambali pa bedi lawo. M'mawa ndikamawapititsira madzi osamba ndimawamva akuipatsa moni, akuifotokozera za miyendo yawo ndi za zidzukulu zimene atate sanazione.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuitanira Harrison kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuuza kuti amenewa si atate, ndipo sindingalole kuti mlendo akakhale pa manda awo. Mwina ndinakweza mawu. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Asisi, inu atate muli nawo m'mutu. Mumadziwa mmene ankasekera, mmene ankayendera. Ine ndilibe olo kanthu. Ndikatsinzina ndimangoona nsapato zawo zili pakhomo. Lero ndapeza nkhope, mukufuna mundilandenso?" M'mawa mwake anakwera basi osatsanzika, ndipo chichokereni timangolemberana za simenti ndi za chakudya cha alendo.

Wosema mwala akudikira chithunzi. Mwambo wovundukula chiliza tinaukonza kuti uchitike mvula isanayambe, ndipo achibale a ku Katete ndi ku Mchinji tinawauza kale. Harrison akuti chakecho atumiza sabata ikubwerayi.

Ndithandizeni. Kodi pali chimene ndikulakwitsa ndi mandalawa? Ndigule ena amphamvu? Nanga amayi ndiwauze kuti munthu amene akumupatsa moni m'mawa uliwonse si mwamuna wawo, kapena ndikhale chete poti akusangalala? Nthawi zina ndimadzifunsa ngati wovuta si ine, wokakamira chifunga pamene anzanga onse akhutira. Koma ndikaganiza zoti ana athu adzaima pamandapo n'kumaloza munthu amene sanakhalepo padziko kuti agogo ndi awa, mtima umakana.

T.D., Kapata, Chipata

Mayi T.D.,

Simuli wovuta ayi. Mukunena zoona, munthu wa mu fulemuyo si atate anu. Koma kukhala ndi choonadi m'manja ndi china, kudziwa pochitulira ndi chinanso. Tiyeni tiyambe ndi chophweka, za magalasi, kenako tibwere ku za anthu.

Ine za makamera ndimangodziwa kuima mowongoka ndi kumwetulira, choncho kalata yanu ndinapita nayo kwa a Matiyasi, mnzanga amene anakalambira mu situdiyo. Atafika pamene mwalemba za +10 pamwamba pa mandala atatu aja anagwira kumutu. "Mayiyu akuyang'ana atate ake kudzera m'mawindo anayi," anatero. "Auzeni achotse, asawonjezere." Ndiye musagulenso galasi lina. Galasi lililonse limene mwasanjikiza limakulitsadi, koma limabweranso ndi zolakwa zake, ndipo mitundu yofiirira ndi yobiriwira ija yachokera kumeneko. Musapyole awiri. Lamphamvu likhale loyamba, kufupi ndi lenzi, lofookalo kunja. Muwayang'ane kaye powala, chifukwa galasi lokhala m'chikopa zaka zonsezi limachita chuku, ndipo muwapukute ndi kansalu ka mandala, osati ndi nsonga ya chitenje. Kabowo kolowetsa kuwala mukachepetse, kafike pa 8 kapena 11. Mandala amtunduwu amanena zoona pakati, m'mbali amanama.

Njira ya atate anu yotembenuza lenzi, a Matiyasi akuti ndiyo yabwino kuposa mulu wa mandala, bola muchotse mandala onse poigwiritsa ntchito. Tepi ya magetsiyo ndiyo ikuwakayikitsa. Lenzi ikapendekeka pang'ono, theka la nkhope limasowa, ndipo tsiku lina idzakugwerani pasimenti. Pali kamphete kolumikizira malenzi awiri, kafunseni komwe munagula +10. Lenzi yotembenuzayo muitsegule yonse, ya pakamerayo muitalikitse mpaka pothera. M'makona mukachita mdima musade nkhawa, atate anu ali pakati.

Manja anunso muwachotsepo. Pa kuyandikira kotere ngakhale kugunda kwa mtima kumagwedeza kamera. Bwerekani choimikira cha miyendo itatu, chithunzicho muchigoneke patebulo osapindika, kamera iyang'ane pansi molunjika, ndipo muitchere kuti ijambule yokha mutachotsa dzanja. Fulashi ayi, dzuwa la masana ayi. Khalani pakhonde pamthunzi, kuwala kubwere cham'mbali, mbali inayo muimike pepala loyera kuti libweze kuwalako. Timaenje tija timazilala kuwala kukamachokera mbali zonse ziwiri.

Mukachita zonsezi mupeza chabwinoko, koma ndisakunamizeni. Pepala limasunga zochepa, ndipo chimene sichinakhale pa pepalapo palibe galasi limene lingachitulutse. N'chifukwa chake ndakudabwani kuti chinthu chachikulu m'kalata yanu mwachitchula modutsa, ngati mukutaya madzi otsukira mbale. Chitini cha mabisiketi! Negetivu imasunga zambiri kuposa chithunzi chochokera pa iyo, ndiponso atate anu anajambula kamera itaima pa miyendo, yosagwedezeka. Situdiyo yotsuka filimu simukuifunanso. Negetivu mumaiimika pawindo, kumbuyo kwake chapatali pang'ono mumaika pepala loyera lowalidwa ndi dzuwa, n'kuijambula ndi lenzi yotembenuza yomweyo. Aliyense wodziwa kompyuta akutembenuzirani mitunduyo. Muziigwira m'mbali mokha, ndipo musaitsuke ndi madzi ngakhale ioneke yakuda. Muonenso anzake a pa mzere womwewo, pakuti wojambula sadina kamodzi, mwina pena anasendera kufupi ndi kalilole. Sindikulonjeza kanthu. Mwina chinyezi chinawononga zonse, mwina azakhali anakhuthula kalekale n'kusungiramo mbewu. Koma ku Kasenengwa si ku Joni. Pitani mukaone.

Kanthu kena kamene a Matiyasi anandikumbutsa: kalilole amatembenuza. Ngati chipsera chinali kumanzere, m'chithunzimo chili kumanja. Musanapereke kwa wosema mwala muchitembenuze, atate anu abwerere mmene analili.

Tsopano za anthu.

Pulogalamu ya pafoniyo sinawaonepo atate anu. Inaona chifunga chanucho n'kudzaza mipata ndi mphuno, maso ndi mano zimene inatola pa nkhope za anthu ena. Za fulemu ya kuchipinda ndilibe mawu ambiri, fulemu munthu amaichotsa tsiku limene wafuna. Mwala suchoka. Maganizo anga ndi akuti pa chiliza pakhale atate anu enieni ngakhale osaoneka bwino, apo ayi pakhale dzina lawo lokha monga agonera makolo athu ambiri. Dziwaninso kuti chithunzi chachifunga chimaoneka bwino chikakhala chaching'ono ngati chikhatho, munthu ataima chapatali. Inu mwakhala mukuchiweruza mutachikulitsa, mphuno ili pagalasi.

Koma Harrison simumugonjetsa ndi mfundo, chifukwa iye sakukangana nanu za mphuno kapena mano. Anakuuzani yekha vuto lake. Inu munakula ndi atate, iye anangotsala ndi nsapato za pakhomo. Mwamuonetsa kuti chakecho n'chabodza, koma chenicheni choti agwire simunamupatse. Muimbireni foni, osati kulemba pa gulu pamene achibale onse akuwerenga. Muyambe ndi kupepesa chifukwa cha mawu okwezawo, wamkulu akapepesa sachepa. Kenako mumupemphe abwere mupitire limodzi kwa azakhali, ndipo chitinicho akatsegule ndi iye. M'njira mumufotokozere za munda wa thonje, za ngozi ya njinga, za abusa ofunafuna mandala, zonse zimene mwandilembera ine mlendo koma mwina iye simunamuuzepo mwadongosolo chotere. Tsiku lojambula akhalepo, adine ndi iye. Munthu amene wawafufuza yekha atate ake savutika kwenikweni kusiya nkhope yongopeka. Pakadali pano mumupemphe chinthu chimodzi chokha: asatumize kanthu kwa wosema mwala mpaka mutabwerako. Ngati mwambo ufunika kusuntha, usunthe. A ku Katete ndi a ku Mchinji adzang'ung'udza pang'ono, kenako adzabwerabe.

Amayi anu musawalande fulemu. Ndi maso a ng'ala amenewo, ndikukayika ngati anaona mphuno kapena mano. Anaona malaya oyera ndi mthunzi wa mutu, anauzidwa kuti ndi aphunzitsi, zotsalazo anadzaza okha ndi zimene ali nazo mumtima. Amene amamupatsa moni m'mawa ndi mwamuna wawo, osati munthu wa pafoniyo. Komabe musawayese mwana. Ng'ala imachotsedwa kuchipatala, ndipo ndikukulangizani kuti muwatengere kwa a dokotala a maso, nkhani ya chithunzi ikhalepo kapena ayi. Tsiku limene adzaone bwino adzazindikira okha kuti pa kampando pali mlendo, ndipo chimene chidzawapweteke kwambiri n'chakuti ana awo awiri ankadziwa. Choncho muwauze, koma mofatsa, inu ndi Harrison muli pamodzi. Palibe chifukwa chonena kuti ananamizidwa, pakuti Harrison sanafune kunamiza munthu. Nenani kuti foni inayesa kukonza chithunzi ndipo zina inaphonya, n'kuwapempha kuti akuuzeni iwowo mmene nkhope ya aphunzitsi inalili. Za chimene chikhale pa mwala, mawu omaliza akhale awo, manda ndi a mwamuna wawo. Akamva zonse n'kusankhabe cha mu fulemu, mudzalire panokha koma mudzawamvere. Ine sindikukhulupirira kuti adzatero. Mkazi amene anapukuta magazi pa nsidze imeneyo sangafune mwamuna wopanda chipsera.

Chenjezo langa ndi ili. Chithunzi cha pa makina osokeracho ndi chimodzi chokha padziko lonse. Musachimatitse pulasitiki yotentha ija, musachisiye padzuwa, musachipereke kwa wina aliyense kuti akakukonzereni kwina. Komanso musamathere masana onse mutawerama pa kamera pamene munthu amene analimo m'chipindacho tsiku limenelo ali m'nyumba mwanu momwemo. Amayi anu akudziwa chimene ankasoka, akudziwa chimene atate anu ananena asanadine, akudziwa mmene anawaonera koyamba ali mnyamata. Zimenezo pa pepala palibe, mu negetivu mulibe. Yalani mkeka sabata ino, mukhale nawo pansi, muwafunse, foni ikujambula mawu awo. Chiliza chikhoza kudikira mpaka mvula itatha. Za amayi anu, pa msinkhu afikapowa, sindingakulonjezeni.

Aphungu